Makutu akamangolira osaleka: mmene CBT imathandizira kuti mtima ukhale pansi

Tiyambe ndi chilungamo chomwe ambiri safuna kumva akangoyamba kuvutika ndi tinnitus, kulira kwa mmakutu kuja koti tswiii kapena shiii kapena wuuu komwe umamva wekha anzako onse sakumva kanthu. CBT (Cognitive Behavioural Therapy), chithandizo cha zamaganizo chophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, siizimitsa phokoso limenelo. Mpaka pano palibenso piritsi lomwe latsimikizika kuti ukamwa lero mawa udzuka mmutu muli zii, nde munthu akamakutsatsani botolo pa intaneti nkumati ili limachotseratu, mudziwiretu kuti akufuna ndalama zanu basi. Chomwe CBT imagwira ndi china, ndi mantha aja, mkwiyo uja, kusowa tulo, kulira pawekha usiku, ganizo lija loti moyo wanga wathera pompa. Ndipo ine ndimaona kuti apa mpamene pali ululu weniweni. Sindikunena kuti mukudzipangitsa ayi, phokosolo liripodi ndipo mukulimvadi, koma chomwe chimamulanda munthu tulo ndi mtendere kwambiri ndi tanthauzo lomwe ubongo walipatsa phokosolo, ndipo tanthauzo ndi chinthu chotheka kusintha.

Taonani manambala awa. Mu 2022 magazini ya zachipatala ya JAMA Neurology inatulutsa kafukufuku amene anaphatikiza zofufuza za mmaiko ambiri, anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ali ndi tinnitus, kutanthauza anthu oposa 740 miliyoni padziko lonse, koma omwe imawazunza kwambiri ndi pafupifupi 2 pa 100. Nde funso ndi loti ena onsewo akukhala nayo bwanji osavutika? Ambiri timaganiza kuti mwina lawo ndi lapansipansi langa ndi lokwera. Koma akatswiri a makutu akamayeza, kuyerekeza phokoso la munthu ndi phokoso la pamakina awo, amapeza kuti kukwera kwake sikuyenda limodzi kwenikweni ndi kuvutika kwa munthuyo. Anthu awiri atha kukhala ndi phokoso lofanana, wina akugwira ntchito akuseka akugona bwinobwino, wina wasiya kutuluka mnyumba.

Choyamba pitani akakuoneni makutu

Musanayambe zamaganizozi, dokotala aone kaye khutulo, chifukwa nthawi zina ndi phula chabe ladzaza, kapena khutu lili ndi matenda ochizika, kapena ndi mankhwala omwe mukumwa. Kwinini amadziwika ndi kuliza makutu, aspirin wochuluka nayenso, jakisoni wa gentamicin, streptomycin ndi kanamycin, furosemide, komanso cisplatin wa khansa. Koma chonde musasiye nokha mankhwala, kambiranani ndi amene anakulemberani. Pemphaninso akuyezeni kamvedwe, chifukwa ambiri omwe ali ndi tinnitus amakhala kuti makutu anachepa mphamvu pang'ono iwo osadziwa, ndipo hearing aid yokha, kachipangizo kovala kukhutu kothandiza kumva, imathandiza anthu ambiri.

Pali zina zosadikira ngakhale tsiku. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, thamangani tsiku lomwelo chifukwa mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa msanga. Chimodzimodzi ngati kulirako kwayamba mutavulala mmutu, kapena kwabwera ndi chizungulire champhamvu, kapena mbali imodzi ya nkhope yafooka. Phokoso loyenda limodzi ndi kugunda kwa mtima, kapena lomveka khutu limodzi lokha osasintha, nalonso likufunika kufufuzidwa bwino. Ndipo m'bale wanga, ngati zafika poti mukuganiza zodzipha, musawerenge nkhaniyi nkumati ndiyesa ndekha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala lero lomwe. Maganizo amenewo amabwera mwa anthu ovutika ndi tinnitus, si manyazi, ndipo amachizika.

Chifukwa chani ubongo wakakamira phokosoli

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kotchedwa cochlea, muli timaselo tating'ono tomwe timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaseloti tikawonongeka, kaya ndi phokoso la makina, mahedifoni okweza kwambiri, kaya ndi ukalamba, ubongo umalandira uthenga wochepa nde umayesa kudzikwezera wokha kuti umve, ndipo pokwezapo umayamba kumva kugwira ntchito kwa mitsempha yake yomwe. Ndiye tinnitus ija, nthawi zambiri. Mu 1953 ofufuza awiri, Heller ndi Bergman, analowetsa anthu 80 akumva bwinobwino mchipinda chosalowa phokoso lililonse kwa maminitsi ochepa, ndipo 94 pa 100 anatuluka akunena kuti amamva kulira kapena kung'ung'uza kwinakwake. Ndimakonda kuwauza anthu nkhani imeneyi chifukwa imasonyeza kuti phokoso la mkati si chinthu chachilendo mthupi la munthu.

Ubongo uli ndi luso loti chinthu chikakhala chosasintha ndiponso chopanda vuto, umachitaya kumbuyo. Firiji imalira tsiku lonse mnyumba koma simuimva, mumadzazindikira ikazima kuti kani imalira. Richard Hallam ndi anzake ku London analemba mu 1984 kuti kuzolowera kotere ndiye njira yachibadwa ya tinnitus, kuti munthu ukangousiya ubongo umazolowera wokha, ndipo amene akuvutika ndi amene china chake chatsekereza kuzolowerako. Chotsekerezacho nthawi zambiri ndi mantha. Ubongo sungataye kumbuyo chinthu chomwe wachilemba kuti ndi choopsa, ntchito yake ndi kukutetezani, nde umachilondera usana ndi usiku.

Mu 2014 Laurence McKenna ndi anzake anafotokoza mmene zimazungulirira. Wamva phokoso, ganizo likubwera loti ichi chindipengetsa misala kapena ndikugontha kapena ndili ndi chotupa mmutu, thupi likuchita mantha, mtima ukuthamanga mapewa auma, chifukwa cha manthawo khutu lako lonse likupita ku phokosolo, ukalimvetsera chonchi likumveka lalikulu kuposa kale, nde ukuti mwaona lakwera, ganizo lija likulimba, ukuyamba kuthawa malo, kuthawa anthu, kusaka pa Google mpaka 2 koloko usiku, mawa wadzuka wotopa ndipo munthu wotopa chilichonse chimamupweteka kawiri. CBT imalowa pa malo awiri mu mzungulirowu, pa maganizo ndi pa zochita. Njira imeneyi anaiyambitsa Aaron Beck ku University of Pennsylvania mzaka za m'ma 1960 pothandiza anthu a dipuleshoni, pambuyo pake anthu anaona kuti imagwiranso pa nkhawa, pa ululu wosatha ndi pa tinnitus.

Pezani kope, ntchito yaikulu ili apa

Ndikudziwa kuti kulemba kumatopetsa ndipo ambiri amati ndizingoganiza mmutu. Ayi, lembani. Ganizo likakhala mmutu limathamanga ndipo limaoneka ngati choonadi, likakhala papepala mumatha kuliyang'ana nkulifunsa mafunso. Nthawi iliyonse yomwe tinnitus yakusautsani kwambiri, lembani zinthu zinayi: munali kuti ndipo mumatani, ganizo lomwe linabwera mmutu mawu ake enieni, mmene munamvera mumtima ndi mphamvu yake pa 10, kenako chomwe munachita.

Mwachitsanzo munthu alemba kuti usiku ndadzuka kupita kubafa, pobwerera phokoso lamveka kwambiri. Ganizo: "lakweranso, ndiye kuti zikuipiraipira, mawa sinditha kugwira ntchito, ndidzakhala chonchi mpaka kufa." Mumtima: mantha 9 pa 10, chisoni 7. Chomwe ndachita: ndatenga foni ndawerenga za anthu omwe akuvutika, ndatseka khutu ndi chala kuti ndimve ngati lasintha.

Sabata yoyamba ingolembani basi osasintha kalikonse. Mudzadabwa kuona kuti maganizo ake si ambiri, ndi atatu kapena anayi omwewo amangobwerabwera atasintha zovala. Ena amalosera zakutsogolo ngati aziona kale. Ena amatenga chinthu chimodzi nkuchikuza mpaka chadzaza moyo wonse, ngati "sindingasangalalenso ndi chilichonse". Ena ndi a malamulo, "ndiyenera kukhala pa zii kuti ndigone", "siziyenera kundichitikira ine". Ndipo pali lina lopweteka lodziimba mlandu, "ndinadzipweteka ndekha ndi mahedifoni aja", lomwe limangobweretsa mkwiyo osakonza kanthu.

Sabata yachiwiri yambani kulifunsa ganizo lililonse. Umboni wake uli pati? Pali chomwe chinachitikapo chotsutsana nalo? Phokosoli linakwerapo kale nkutsikanso? Kodi dzulo panali ola olo limodzi lomwe sindinalimve chifukwa ndinatanganidwa? M'bale wanga atabwera ndi ganizo lomweli ndingamuuze chani? Olo zitakhala zoona pang'ono, kuliganizira pano 2 koloko usiku kukundithandiza chani? Mukayankha, lembani ganizo lina mmunsi mwake. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amalemba zodzinamiza ngati "zonse zili bwino, phokosoli ndimalikonda", ubongo si wopusa, umakana pompo. Ganizo latsopanolo likhale loona, loti inuyo mungalikhulupirire olo pang'ono. Munthu uja atha kulemba kuti "usiku limamveka kwambiri chifukwa kunja kuli zii, osati chifukwa khutu lawonongeka lero. Sabata yatha linachita chonchi mmawa linali mwakale. Ndinagwirapo ntchito nditagona maola 4, zinali zolemetsa koma zinatheka. Anandiyeza ndipo sanapeze choopsa." Kenako yezaninso mantha aja. Akachoka pa 9 kufika pa 6, imeneyo ndi ntchito yabwino kwambiri, musayembekezere 0.

Chitani izi tsiku lililonse kwa masabata angapo, maminitsi 10 kapena 15 akukwana. Poyamba mudzalemba zitadutsa kale, pakapita nthawi mudzayamba kuligwira ganizolo likungolowa kumene, nkuliyankha muli chiimire pamzere kapena muli mminibasi.

Zizolowezi zomwe zimaoneka ngati zikuthandiza

Gawo ili ndi lomwe ndimalikakamira kwambiri, chifukwa munthu atha kulemba kope lonse koma ngati zochita zake zikuuzabe ubongo kuti pali ngozi, ubongo umakhulupirira zochita osati zolemba. Choyamba ndi kulisuzumira phokosolo. Kudzuka mmawa chinthu choyamba nkumvetsera kuti lero lili bwanji, kulowa mchipinda cha zii dala kuti uliyeze, kutseka khutu ndi chala, kugwedeza nsagwada kuona ngati lisintha. Ulendo uliwonse mukatero mukuuza ubongo kuti ichi nchofunika, pitiriza kuchilondera. Werengani kaye kuti mumachita kangati patsiku, kenako muzichepetsa pang'onopang'ono, chilakolako chomvetsera chikabwera nenani mumtima kuti ndachiona, nkubwerera ku zomwe mumachita.

Chachiwiri ndi foni. Magulupu a pa Facebook a anthu a tinnitus ali ndi ubwino wake, umaona kuti suli wekha, koma kumbukirani kuti omwe anazolowera nkupitiriza moyo wawo sakhala mmenemo kulemba, otsala ndi omwe ali pa ululu waukulu lero, nde ukamawerenga usiku uliwonse umayamba kuganiza kuti aliyense zimamuthera choncho. Dziikireni malire, kapena tulukanimo kwa mwezi muone kusiyana kwake.

Chachitatu ndi ma earplug, tizotsekera ta mmakutu. Pa phokoso loopsadi, makina a fakitale, chopukusira zitsulo, pafupi ndi masipika akuluakulu, valani ndithu, chifukwa phokoso lofika madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa kukwera kwa phokoso) kwa maola 8 patsiku limawononga makutu, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Koma kuvala mnyumba, mumsewu, potsuka mbale, mu ofesi, kumeneko ndi kudzipweteka. Khutu likatsekedwa ubongo umakwezanso mphamvu yake yomvera, tinnitus imamveka kwambiri ndipo maphokoso wamba amayamba kukulasani.

Chachinayi ndi kuthawa. Ena amathawa phokoso, sapitanso kokacheza, ku ukwati, kopemphera. Ena amathawa bata, wailesi osazima maola 24 chifukwa akuopa kukumana ndi phokoso lawo. Onsewa ndi mantha amodzi. Ndipo mankhwala ake mu CBT ndi kuyesa, osati kungolimba mtima mwachisawawa ayi, kuyesa kolemba. Musanapite lembani chomwe mukuopa: "ndikapita kokadya ndi anzanga kwa ola limodzi, phokoso likwera masiku atatu ndipo sindipirira", ikani kuti mukukhulupirira zimenezi 8 pa 10. Pitani. Mukabwera, ndi mawa lake, lembani zomwe zachitikadi. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mwina linakweradi madzulo amenewo koma mmawa linabwerera, ndipo chachikulu, kwa ola lija munaseka. Yambani ndi zopepuka, mukweze pang'onopang'ono.

Kwa oopa bata, kuyesa kwake ndi kukhala pansi pamalo achete nkulimvetsera dala phokosolo. Zikumveka ngati ndikutsutsana ndi zomwe ndanena za kusuzumira eti? Kusiyana kwake ndi uku, posuzumira umafunsa kuti lakwera kapena latsika uli ndi mantha, kenako umathawa. Apa ukukhala nalo mwadala nthawi yoikika, kuyamba maminitsi 2, kenako 5, kenako 10, osaliyeza osalithamangitsa, kungolifotokoza ngati chinthu wamba, lili mbali iti, ndi lopyapyala kapena lonenepa, likugwedezeka kapena langoima. Mantha amakwera poyamba, mtima umagunda, koma mukapanda kuthawa amatsika okha, ndipo ubongo umaphunzira kuti takhala nalo ndipo palibe chachitika. Njira yoyang'anizana nalo chonchi inali mbali ya chithandizo chomwe Rilana Cima ndi anzake anayesa ku Netherlands pa odwala 492, zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012, ndipo omwe analandira chithandizo chokhazikika pa CBT anapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Ngati mantha anu ndi aakulu kwambiri, gawo ili ndi bwino kulichita ndi katswiri.

Kuphunzitsa khutu kusamuka

Anthu amakonda kulangiza kuti ingoliiwala, osaliganizira. Malangizo amenewa sagwira, ukamalimbana kuti usaganize chinthu ndi pamene umachiganiza kwambiri. Chomwe chimatheka ndi kuphunzira kusamutsa chidwi. Khalani pansi maminitsi 5, mvetserani phokoso lanu kwa masekondi 20, kenako pititsani khutu ku phokoso lakunja, galimoto ikudutsa, mbalame, anthu akulankhula patali, kenako ku mapazi anu mmene akugundira pansi, kenako ku mpweya ukulowa mmphuno, kenako bwereraninso ku tinnitus, nkuchokanso. Cholinga ndi kuuonetsa ubongo kuti chiwongolero chili ndi inu. Chidwi chidzabwerera chokha ku phokoso kambirimbiri, musakwiye, kuchibweza modekha kuja ndiye masewera ake enieni.

Phokoso lothandizira ndi labwino, fani, wailesi yapansipansi, kulira kwa mvula kapena kwa madzi pa foni. Koma voliyumu ikhale pansi pang'ono pa tinnitus yanu, muzilimvabe pang'ono. Pawel Jastreboff, amene anafotokoza mu 1990 mmene tinnitus imalumikizirana ndi mbali za ubongo zoyendetsa mantha, ankatsindika mfundo yoti ubongo sungazolowere chinthu chomwe sukuchimva. Mukaliphimbiratu mumapuma kwakanthawi koma mukazima limabwera ngati lachilendo.

Za thupi sindichulukitsa. Sitiresi imakweza tinnitus ndipo tinnitus imakweza sitiresi, nde phunzirani njira imodzi yomasula thupi nkuichita tsiku lililonse osati pokhapokha zikavuta. Yosavuta ndi ya Edmund Jacobson: umitsani minofu ya gawo limodzi masekondi 5, manja, mapewa, khosi, nsagwada, mimba, miyendo, kenako masulani masekondi 15 mukumva kusiyana kwake. Kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa polowetsa, nakonso kumatsitsa mtima. Musazichite nkumamvetsera ngati phokoso latsika, mukatero mwabwerera ku kusuzumira kuja.

Usiku

Apa mpamene ambiri amagonjera, chifukwa kunja kuli zii, palibe chotanganidwa nacho, ndipo maganizo onse omwe munawathawa masana amakupezani pabedi. Pali malamulo ochepa ochokera ku CBT ya kusowa tulo omwe amagwiranso apa. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse olo mwagona mochedwa, olo Loweruka. Pitani kukagona tulo tikabwera, osati chifukwa choti mwatopa ndi tsikulo mukufuna lithe. Mukaona kuti padutsa maminitsi ngati 20 muli maso ndipo mtima wayamba kuwira, dzukani, khalani pampando ndi kuwala kochepa, chitani chinthu chodekha, mubwerere tulo tikayambanso. Zimapweteka masiku oyamba koma cholinga nchoti ubongo usiye kuona bedi ngati bwalo la nkhondo. Wotchi itembenuzeni, kuwerengera kuti kwatsala maola atatu ndi mafuta a nkhawa. Foni ikhale patali, ngati mukuigwiritsa ntchito poliza mvula iikeni pomwe dzanja silifika.

Madzulo, kusanade kwambiri, patulani maminitsi 15 olemba nkhawa zonse za tsikulo ndi chomwe mungachite mawa pa iliyonse, kuti zikabwera pakati pa usiku muziyankhe kuti zinalembedwa kale. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo ndi pomwe mumadzuka nkukumana ndi phokoso muli ofooka. Khofi wa madzulo msiyeni chifukwa cha tulo. Ndipo dziwani ichi, munthu aliyense amadzidzimuka kangapo usiku, ambiri sakumbukira nkomwe. Nthawi zambiri si tinnitus yomwe yakudzutsani, mwadzuka mwachibadwa ndipo ndi chinthu choyamba chomwe mwamva. Ganizo limeneli lokha limachotsa mkwiyo wambiri.

A pakhomo nawonso auzeni. Funso lachikondi lija loti "lero makutu ali bwanji?" likamabwera katatu patsiku limakubwezerani ku phokoso pomwe munali mutaliiwala. Apempheni azifunsa za tsiku lanu, za ntchito, ndipo ngati mukufuna kukamba za tinnitus muzisankha nthawi imodzi. Ndipo inu amene mukukhala ndi munthu wotere, musamuuze kuti ndi zammutu chabe kapena kuti angolimba mtima, mperekezeni kuchipatala, tulukani naye, khalani naye pa zoyesa zija.

Kupeza katswiri, ndi kudziwa ngati zikuyenda

Zonse ndafotokozazi mutha kuyamba nokha, koma ndi katswiri wa zamaganizo wodziwa CBT zimayenda msanga chifukwa amaona maganizo omwe inu simukuwaona. Kawirikawiri ndi maseshoni a sabata ndi sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu, nokha kapena pagulu, ndipo nthawi zonse pamakhala ntchito yokachitira kunyumba. Mfunseni ngati anathandizapo anthu a tinnitus, akati ayi koma anagwirapo za ululu wosatha, nkhawa kapena kusowa tulo, ameneyo akhoza ndithu chifukwa njira zake ndi zapachibale. Koma ngati mukungocheza za ubwana wanu sabata ndi sabata popanda kope, popanda zoyesa, imeneyo si CBT. Komwe akatswiri ndi osowa, CBT ya pa intaneti ilipo ndipo inafufuzidwa, Gerhard Andersson ku Sweden anayamba kuiyesa pa tinnitus kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, mmalangizo ake a 2020 linaika CBT ya pa intaneti ngati sitepe yoyamba, kenako ya pagulu, kenako ya munthu payekha.

Umboni wake ndi wotani? Bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zachipatala, mu 2020 linaunika zofufuza 28 za anthu 2,733 nkupeza kuti CBT imachepetsa mmene tinnitus imasokonezera moyo wa munthu, ndipo zovuta zobwera chifukwa cha chithandizochi ndi zosowa. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku America mu 2014 linalangiza CBT kwa omwe tinnitus yawakhalitsa ndipo ikuwasautsa, pomwe ginkgo biloba, zinc ndi melatonin linati madokotala asamalangize ngati mankhwala a tinnitus. Nde ndalama zomwe mukanagulira mabotolo aja bola zipite ku kuyezetsa makutu.

Poyeza ngati mukupita patsogolo musafunse kuti phokoso latsika? Funso limenelo lidzakukhumudwitsani ndipo lidzakubwezerani ku kumvetsera. Funsani kuti sabata ino ndagona maola angati, ndapita malo angati omwe ndinasiya, panali nthawi yaitali bwanji yomwe sindinaliganizire, likamveka mtima ukugunda ngati kale? Akatswiri amagwiritsa ntchito fomu ya mafunso 25 yotchedwa Tinnitus Handicap Inventory, mamakisi ake amayambira 0 mpaka 100, mutha kuiyankha poyamba kenako kamodzi pamwezi, osati tsiku lililonse.

Masiku oipa adzabwerabe olo mutapeza bwino, mukadwala chimfine, mukakhala pa maliro, ntchito ikapanikiza, mukagona pang'ono, phokoso limakwera ndipo ganizo loyamba limakhala loti ndabwerera pa ziro. Konzekeranitu tsiku limenelo pamene muli bwino. Lembani pa kapepala kapena mufoni zinthu zochepa: kuti linakwerapo kale nkutsika, maganizo anu atatu aja ndi mayankho ake, zomwe simuchita monga kusaka pa Google ndi kutseka khutu ndi chala, zomwe muchita monga kuyenda panja, kumasula mapewa, kupita kuntchito monga mwa masiku onse, ndi dzina la munthu mmodzi woti mumuimbire. Likakwera limodzi ndi kusamva kwatsopano kapena chizungulire, limenelo ndi la dokotala osati la kapepala.

Ndipo ngati mwachita zonsezi mokhulupirika kwa miyezi itatu koma palibe chasuntha, simukudya, simukufuna kuona anthu, mmawa kudzuka ndi nkhondo, bwererani kuchipatala mukanene zimenezi momveka, osangoti makutu akulira. Nthawi zambiri pamakhala dipuleshoni kapena matenda a nkhawa omwe akufunika chithandizo chawochawo, nthawi zina ndi mankhwala omwe, ndipo amenewo akayamba kuchizidwa ntchito ya kope ndi zoyesa zija imayamba kugwira. Tengani kope lanulo popita, dokotala akaone zomwe mwakhala mukulemba.